Partition Yasowa Mutayatsanso Kompyuta? Chotsani Kaye Chala pa Format

Magetsi azima masana kompyuta ili pakati pa ntchito. Abwera madzulo, mwayatsa, Windows yatseguka bwinobwino, koma mu This PC mukuoneka C: yokha. D: yomwe muli zithunzi za makasitomala, ma invoice ndi mabuku a shopu palibe. Mwinanso ilipo, koma mukaidina pakutuluka kabokosi konena kuti disikiyi iyenera kufomatidwa kaye, ndipo batani la Format disk lili pomwepo pansi pa chala chanu.

Amene timatsegula makompyuta a anthu kuno ku Lusaka vutoli tinaliona kawirikawiri mu 2024, madzi a ku Kariba atatsika ndi chilala, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri pa tsiku. Chimene sichindichoka m'mutu n'chakuti ma disiki ambiri amene ankabwera nthawi imeneyo anali ndi mafayilo onse pamene partition, gawo la disiki looneka ngati C: kapena D:, inkasowa. Mafayilowo ankafera m'manja mwa munthu wofuna kuthandiza, disiki isanafike kwa wokonza.

## Mafunso awiri a pa kauntala

Mayi wina amene ali ndi shopu ya photocopy ndi printing cha ku Kamwala anabwera ndi hard drive ya 1 TB atakulunga m'chitenge. Munali ma CV a anthu, makadi a maukwati, mapologalamu a maliro, ntchito ya zaka zambiri.

"Amai, chisowereni partition, alipo amene waigwirako disikiyi?"

"Palibe, mwananga. Ndi mnyamata wanga yekha wa pa shopu. Akuti malaiti atabwera inkafunsa Initialize, iye n'kuvomera. Kenako anapanga New Simple Volume, inaonekanso, koma mulibe kanthu."

"Mwaikamo china chilichonse chatsopano?"

"Mafilimu ochepa chabe. Timafuna tione ngati ikugwira."

Mnyamatayo anachita zinthu zitatu, ndipo chilichonse chinali choopsa kuposa chinzake. Initialize inalemba tebulo latsopano lopanda kanthu pamwamba pa lakale, tebulo lolembamo magawo a disiki. Chimenecho pachokha n'chaching'ono, chimabwezeka. New Simple Volume inapanga quick format, kutanthauza boot sector yatsopano, kachigawo koyambirira kofotokoza mmene partition yakonzedwera, ndi MFT yatsopano. MFT ndi mndandanda umene NTFS, kasungidwe ka mafayilo ka Windows, imasungamo dzina la fayilo lililonse, kukula kwake ndi malo ake pa disiki. Pa partition yaikulu, Windows kawirikawiri imaiika pafupifupi 3 GB kuchokera poyambira, choncho yatsopano imagwera pamutu pa yakale. Mwayi wake ngwakuti yatsopanoyo imayamba yaing'ono kwambiri, ndipo mbali yaikulu ya yakale imatsala yosakhudzidwa, pulogalamu n'kutha kuiwerenga. Koma mafilimu aja anakakhala pa ma sector, timagawo ting'onoting'ono ta disiki, pamene penipeni panali mafayilo a amayiwo. Cholembedwa pamwamba pa chinzake sichibwezeka, ngakhale disikiyo mutapita nayo ku Johannesburg.

Mafayilo ambiri anapezeka. Ena anatuluka ndi mayina awo, tsiku lake ndi kukula kwake zonse zolondola, koma ukatsegula mkati muli zidutswa za filimu. Dzina linapulumuka mu MFT yakale, thupi linali litapita. Amayiwo anadina limodzilimodzi mu foda ya maukwati, osayankhula, mpaka anafika kumapeto.

Tsono lamulo la ntchitoyi ndi ili: werengani disiki mmene mungafunire, koma musalembepo kanthu mpaka mutadziwa chimene chavuta. Format, Initialize, New Simple Volume, `chkdsk /f`, `clean` ya mu diskpart, zonsezi zimalemba. Ikakhala SSD nkhani imakula, chifukwa pofomata Windows imatumiza lamulo la TRIM louza SSD kuti malo onsewo sakufunikanso, ndipo posakhalitsa mukawerenga mumangopeza ma ziro.

## Chasowa n'chiyani kwenikweni

Partition ndi manambala ochepa olembedwa kumayambiriro kwa disiki, onena kuti gawo ili layambira pa sector yakuti, latalika mwakuti, ndipo ndi la mtundu wakuti. Zili ngati buku la mapuloti la mu komboni. Bukulo likanyowa ndi mvula nyumba zimakhalabe pamalo pake ndi anthu ake mkati, kungoti mlendo sangadziwenso pothera puloti la uyu ndi poyambira la uyo.

Matebulo alipo a mitundu iwiri. La MBR, lakale lija, lonse lili mu sector yoyamba ya ma byte 512: ma byte 446 ndi a boot code, 64 ndi a ma partition anayi, lililonse ma byte 16, ndipo awiri otsiriza ndi chizindikiro cha 55 AA. Silikhala ndi kope lina kwina kulikonse. Sector imeneyo ikawonongeka, disiki yonse imaoneka ngati yatsopano. Silithanso kuwerenga kupitirira 2 TB pa disiki ya ma sector a 512, n'chifukwa chake disiki ya 3 TB kapena 4 TB yoikidwa MBR imasiya dera lalikulu kumapeto losagwirika.

GPT inapangidwa mwanzeru. Mutu wake uli pa sector 1, mndandanda wa ma partition okwana 128 uli pa sector 2 mpaka 33, ndipo zonsezi zili ndi kope lachiwiri kumapeto kwenikweni kwa disiki, pamodzi ndi nambala ya CRC32 yotsimikizira ngati zolembedwazo sizinasokonekere. Kope la kumapetolo lapulumutsa anthu ambiri.

Kompyuta ikamayaka, D: yanu imadutsa pa zipata zinayi isanaoneke. BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba kuyenda mukangoyatsa, iyenera kuona disiki. Windows kapena Linux iyenera kuwerenga tebulo. Kenako iyenera kumvetsa file system ya mkati, kasanjidwe ka mafayilo, kaya ndi NTFS, exFAT kapena ext4. Pomaliza iyenera kuipatsa chilembo, kapena pa Linux kuichita mount, kutanthauza kuilumikiza ku foda. Pachipata chilichonse ikakanika, mwini kompyuta amanena mawu amodzimodzi, akuti D yasowa, pamene mankhwala ake ngosiyana kotheratu. Yambani ndi chipata choyamba, musadumphe.

## Kodi BIOS ikuiona?

Lowani mu BIOS poyatsa, pa makina ambiri ndi F2, F10 kapena Del, ndipo fufuzani dzina la disiki ndi kukula kwake. Disiki ya 1 TB ikaoneka 931 GB mu Windows palibe vuto, ndi kawerengedwe chabe. Koma ikaoneka 0 MB, kapena ma megabyte ochepa, kapena ndi dzina lachilendo, vuto lili mu disiki yeniyeniyo ndipo palibe pulogalamu ya ma partition imene ingathandize. Ikani khutu pafupi. Hard drive yabwino imazungulira n'kukhala phee. Yomwe ikuti kho, kho, kho mobwerezabwereza, kapena kuyamba kuzungulira n'kuima, izimitseni pomwepo. Kuyatsa kulikonse kukhoza kukanda mbale za mkati.

Ikakhala chete koma sikuoneka, sinthani kebulo ya SATA ndi doko lake. Fumbi la mwezi wa September ndi October limalowa paliponse, ndipo kebulo yolowa theka imagwira lero mawa n'kukana. Pa hard drive yakunja ganizirani za mphamvu. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA, ndipo disiki ya mainchi 2.5 imakoka kwambiri poyamba kuzungulira. Madoko a kutsogolo kwa desktop, ma hub otchipa ndi makebulo aatali zimachepetsa mphamvuyo, disiki n'kumaoneka nthawi zina, nthawi zina ayi. Lowetsani kumbuyo, pa motherboard penipeni, ndi kebulo yaifupi. Ya mainchi 3.5 imafuna adaputala yakeyake ya 12 V.

Pali kachinthu kena kamene anthu sakaganizira, makamaka pa ma desktop ndi ma laputopu ogula kale-kale kapena ogwiritsidwapo ntchito kunja: batire la CMOS, kaja kozungulira ka 3 V, kawirikawiri CR2032. Likatha, kompyuta imakumbukira makonzedwe a BIOS pokhapokha ili pa magetsi. Magetsi akazima maola angapo, BIOS imabwerera mmene inachokera ku fakitale, ndipo SATA mode, njira imene kompyuta imalankhulira ndi disiki, ikhoza kuchoka pa AHCI kupita pa RAID, Intel RST kapena IDE. Zikatero Windows imagwa ndi sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, ndipo Linux pa makina ena siona n'komwe SSD ya NVMe. Chizindikiro chake n'chosavuta: tsiku ndi nthawi mu BIOS zabwerera zaka zam'mbuyo. Bwezani mode imene inalipo, sinthani batire, disiki musaikhudze.

## Thanzi lake, kenako kope

Disiki ikaoneka ndi kukula koyenera, musanathamangire kukonza tebulo funsani chifukwa chake lawonongeka. Kuzima kwa magetsi kokha kukhoza kutero, koma nthawi zambiri kumangoulula disiki yomwe inali ikudwala kale. Tsegulani CrystalDiskInfo pa Windows, kapena `sudo smartctl -a /dev/sdb` pa Linux, muyang'ane mizere inayi potengera nambala yake ya ID. Nambala 5 ndi ma sector amene anafa n'kusinthidwa. 197 ndi amene akukanika kuwerengeka panopa. 198 ndi osakonzeka. 199 ndi zolakwika za panjira, ndipo ikamakwera yokha, wolakwa ndi kebulo kapena doko. Koma 197 ikakhala pamwamba pa ziro, disikiyo musaidalirenso.

Apa mpamene ndimalimbikira ngakhale kasitomala akufulumira: tengani kope la disiki yonse, ntchito yonse ichitikire pa kopelo. Yatsani kompyuta ndi Linux ya pa flashi, lumikizani disiki ina yokhala ndi malo oposa kukula kwa yodwalayo, ndipo mugwiritse ntchito GNU ddrescue:

`sudo ddrescue -d -n /dev/sdb /media/yabwino/disiki.img /media/yabwino/disiki.map`

Ulendo woyambawu umatenga zonse zowerengeka mosavuta, osalimbana ndi malo ovuta. Kenako bwerezani lamulo lomwelo, m'malo mwa `-n` muike `-r3`, kuti iyesenso katatu pamene panakanika. Fayilo la map musaliiwale. Limasunga pamene mwafika, ndiye magetsi akazima pakati pa ntchito ya maola ambiri mumangopitiriza pomwepo. Kwa ife a kuno chimenechi si chapafupi. Ndipo musanadine Enter onetsetsani ndi `lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL` kuti sdb ndi yodwalayo, chifukwa kusemphanitsa kochokera ndi kopita kumafafaniza zonse.

## Mawu a mu Disk Management

Pa Windows dinani kiyi ya Windows ndi R, lembani `diskmgmt.msc`. Kabokosi kofunsa Initialize kakatuluka, dinani Cancel. Tsopano werengani mawu olembedwa pa disiki yanu, chifukwa ndiwo akuuzeni chipata chimene chatsekeka.

Ikalembedwa Healthy, NTFS, koma ilibe chilembo, thokozani. Dinani kumanja, Change Drive Letter and Paths, Add, sankhani chilembo. Chilembocho chikamasowa nthawi iliyonse mukayatsanso, tsegulani diskpart ngati administrator mulembe `automount enable`, kenako `list volume`, `select volume` ndi nambala yake, `attributes volume`. Mukaona Hidden kapena No Default Drive Letter ili pa Yes, chotsani ndi `attributes volume clear hidden` kapena `attributes volume clear nodefaultdriveletter`. Mu maofesi fufuzaninso ngati chilembocho sichinatengedwe ndi network drive. Timagawo ting'onoting'ono ta EFI, ta 100 MB kapena kuposerapo pang'ono, ndi ta Recovery, tilibe chilembo mwadala. Tisiyeni.

Offline imabwera kawirikawiri mukachita clone disiki, kuikopera yonse ku ina, n'kulumikiza zonse ziwiri. Zimakhala ndi signature imodzi, ndipo Windows imagoneka imodzi. Kudina Online kumaidzutsa, koma kumasintha signature yake, ndiye ngati munkafuna kuti disiki imeneyo idzayatse Windows, ikhoza kukana mpaka mutakonza BCD, makonzedwe oyatsira Windows. Foreign ikutanthauza dynamic disk yochokera pa kompyuta ina. Yankho lake ndi Import Foreign Disks, koma Windows Home sidziwa ma dynamic disk, ndiye ifunika Pro. Musaisinthe kukhala basic kudzera mu Disk Management, chifukwa njira imeneyo imafuna kuti muyambe mwafufuta ma volume onse.

Unallocated, kapena Not Initialized kukula kwa disiki kukuoneka bwino, ndiye kuti tebulo ndi limene lapita. RAW ndiye kuti tebulo lilipo koma Windows sikumvetsa za mkati. Musanaganize kuti zawonongeka, dzifunseni kumene disikiyo yachokera. Windows payokha siwerenga ext4 ya Linux kapena APFS ya Mac, ndipo ikhoza kukupemphani kufomata partition yabwinobwino.

## Pa Linux: yagwira dzulo, lero palibe

Ophunzira ambiri a makompyuta, a ku UNZA ndi m'makoleji ena, amaika Ubuntu pambali pa Windows, ndipo mavuto awo ngamtundu wina. Yambani ndi `lsblk -f` ndi `sudo blkid`. Partition ikaoneka ndi UUID, nambala yaitali yoidziwira, ndi mtundu wake, palibe chasowa, yangokhala yosachitidwa mount. Mount ya pamanja imatha kompyuta ikazima. Kuti ikhazikike iyenera kulembedwa mu `/etc/fstab`.

Cholakwika chofala ndi kulemba `/dev/sdb1` mu fayilo limenelo. Mayina a sda ndi sdb amaperekedwa potsata disiki yomwe yayamba kuyankha, ndiye flashi yoiwalika pa doko ikhoza kusintha zonse. Lembani UUID, motere: `UUID=nambala-yanu /data ext4 defaults,nofail 0 2`. Popanda `nofail`, disiki ikapanda kuoneka systemd imadikira masekondi 90 kenako n'kukugwetserani mu emergency mode, munthu n'kuyesa kuti Linux yonse yafa. Kumbukiraninso kuti kufomata kumasintha UUID. Musanayatsenso yesani ndi `sudo findmnt --verify` ndi `sudo mount -a`. Ngati ndi LVM, njira ina ya Linux yogawira disiki m'ma volume, `sudo vgchange -ay` imadzutsa ma volume ogona, ndipo ya LUKS, yotsekedwa ndi encryption, imafuna mzere wake mu `/etc/crypttab`.

Partition ya NTFS ikamakana kutseguka mu Linux, kapena ikulola kuwerenga kokha, kawirikawiri wolakwa ndi Fast Startup, imene inayamba ndi Windows 8 mu 2012. Mukadina Shut down, Windows sitseka zonse. Imasunga mbali ya zimene zinali mu memory n'kusiya ma partition ngati adakali m'manja mwake. Linux imakana kulembapo, ndipo ikuchita bwino, chifukwa kulemba pamenepo kumasokoneza file system Windows ikadzuka. Bwererani mu Windows, mulembe `powercfg /h off` ngati administrator, muzimitse bwino. Musakakamize ndi ntfsfix. Kapulogalamu kameneko si chkdsk, kamangokonza tinthu tochepa.

Vuto limene limazunguza mutu kwambiri ndi la ma disiki ogula kwa ena, ochotsedwa mu ma server kapena makompyuta a m'maofesi. Mwapanga partition, mwafomata, mwaikamo zinthu, zonse zikuyenda. Mwayatsanso, partition yasowa kapena ikuti busy, ndipo pabwera chinthu chotchedwa md127. Chachitika n'chakuti disikiyo inali mu RAID, gulu la ma disiki ogwira ntchito ngati imodzi, ndipo chizindikiro chake chinatsala, nthawi zambiri kumapeto kwa disiki kumene kufomata sikufika. Poyaka, Linux imachiona n'kuigwira disiki yonse ngati chiwalo cha RAID. Lembani `sudo wipefs /dev/sdb` popanda china chilichonse, imangosonyeza osafufuta. Mukaona `linux_raid_member`, `isw_raid_member` kapena `ddf_raid_member`, mwampeza. Koperani kaye zinthu zanu kwina, kenako chotsani chizindikiro chokhacho ndi `wipefs --backup -o` ndi offset imene yasonyezedwa. Chenjerani ndi `wipefs -a` pa disiki yonse, imachotsa ndi chizindikiro cha tebulo lomwe.

## Kubweza tebulo

Ngati disiki ndi ya GPT, yambani ndi `sudo gdisk /dev/sdb`, kapena mupatse dzina la fayilo la kope lija. Ikakuuzani kuti mutu woyamba wawonongeka koma wa kumapeto uli bwino, ntchito yapepuka. Dinani `r` kulowa mu recovery, `b` kumanganso mutu kuchokera ku kope, `c` kutenga mndandanda wa ma partition wa kumapeto, kenako `p` kuti muone. Yerekezani ndi zimene mwini akukumbukira: anali magawo angati, aakulu bwanji. `v` imafufuza zolakwika. Palibe cholembedwa mpaka mutadina `w`, ndipo `q` imakutulutsani osasintha kanthu. Pa disiki yochitidwa clone kupita pa yaikulu, kope lachiwiri limatsala pakati m'malo mwa kumapeto, ndipo `sudo sgdisk -e /dev/sdb` imalisamutsira pamalo pake.

Makope onse awiri akapita, monga zimakhalira munthu akadina Initialize, kapena disiki ikakhala ya MBR, chida chake ndi TestDisk ya Christophe Grenier. Ndi yaulere, imayenda pa Windows, Linux ndi Mac. Siidalira tebulo, imayenda pa disiki kufunafuna poyambira pa file system iliyonse. Sankhani Create, disiki yanu, Proceed, mtundu wa tebulo, Intel ngati ndi MBR kapena EFI GPT, kenako Analyse ndi Quick Search.

Apa ndi pofunika kudekha. TestDisk imapeza ndi ma partition akale omwe, amene anafufutidwa zaka zapitazo, ndipo ena amalowana malire ndi enieniwo. Musasankhe potengera kukula kokha. Pa lililonse dinani P. Ikakuonetsani mafoda amene mwini akuwadziwa, ndi mafayilo a masiku aposachedwa, ndi yomweyo. Ikanena kuti file system yawonongeka, pitani pa ina. Poyambira pamathandizanso: pa disiki ya MBR, partition yoyamba yopangidwa ndi Windows Vista kupita m'tsogolo kapena Linux yamakono imayambira pa sector 2048, pamene za nthawi ya XP zinkayambira pa 63. Quick Search ikalephera pali Deeper Search, imene pa disiki yaikulu imatenga maola.

Mukaona mafayilo, musathamangire Write. Pomwepo pa mndandandawo TestDisk imalola kukopera: sankhani mafoda ofunika, muwatumize ku disiki ina. Zofunika zikakhala pabwino, ndiye sinthani chilembo cha partition ndi mivi ya kumanzere ndi kumanja kuchoka pa D, kutanthauza yofufutidwa, kupita pa P, dinani Write, muyatsenso.

## Ikakhala RAW

NTFS imasunga kope la boot sector yake mu sector yotsiriza ya partition. FAT32 imasunga pa sector 6, exFAT pa sector 12. Mu TestDisk lowani Advanced, sankhani partition, Boot. Ikalemba kuti boot sector ndi Bad koma backup ili OK, Backup BS imakopera yabwinoyo pamalo pa yowonongeka. Zonse ziwiri zikakhala zoipa pali Rebuild BS, ndipo ikamaliza dinani List muone mafayilo musanalembe. Za chkdsk, pa RAW imangokana. Ngakhale pamene ikuvomera, ntchito yake ndi kuyeretsa file system kuti igwirizane, osati kusunga zithunzi zanu, ndipo pa disiki yodwala imatha kudula mafayilo n'kuwasiya ngati tizidutswa mu foda ya found.000. Ibwere pambuyo pa kope.

Pa ext4, `mount` ikanena za bad superblock, ndiye kuti mutu wa file system wawonongeka, koma makope ake amakhala pa block 32768, 98304, 163840 ndi kupitirira, ngati block ndi ya 4 KB. Yesani mosalemba ndi `sudo e2fsck -n -b 32768 -B 4096 /dev/sdb1`. Zikaoneka zomveka, bwerezani popanda `-n`, pa kope la disiki. Ambiri amalangiza `mke2fs -n` posaka manambalawa, koma mukaiwala `-n` mwafomata. Superblock ya mu Advanced ya TestDisk imakupatsani manambala omwewo popanda chiopsezo chimenecho.

Fufuzaninso za BitLocker, encryption ya Windows yotseka disiki ndi kiyi. Ma laputopu ambiri atsopano amabwera encryption itayatsidwa kale mwini osadziwa. BIOS ikasintha, kapena disiki ikasamutsidwira pa kompyuta ina, pamafunika kiyi ya manambala 48, imene kawirikawiri imakhala mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa pa makinawo. `blkid` imalemba poyera kuti BitLocker. Popanda kiyiyo palibe wokonza angatsegule, ndipo wokuuzani kuti angathe akufuna ndalama zanu chabe.

PhotoRec, imene imabwera limodzi ndi TestDisk, ikhale yomaliza. Imatola mafayilo potengera mmene amayambira, ndiye imabweza zikwizikwi zopanda mayina ndi mafoda. Kwa mwini studio amene akufuna zithunzi za ukwati umodzi, kusankha pamenepo ndi ntchito ya masiku.

## Misampha iwiri ya pamsika

Makesi ena a hard drive yakunja, makamaka akale a ma disiki oposa 2 TB, amauza kompyuta kuti sector ndi ya ma byte 4096 pamene disiki ya mkati ili ndi ya 512. Kesi ikafa, munthu amachotsa disiki n'kuilumikiza pa SATA, ndipo manambala onse a mu tebulo amaloza malo olakwika, kuchepera kasanu n'katatu. Windows imaonetsa RAW kapena Unallocated pamene chilichonse chili bwino. Pezani kesi ya mtundu womwewo, kapena pa Linux `sudo losetup -r -P -b 4096 -f /dev/sdb` imaiwerenga ndi sector ya 4096 popanda kulembapo. Makesi ena amabisanso data ndi chip yawoyawo, choncho bolodi la kesi yakufa musalitaye.

Wina ndi wa ma flashi ndi ma memory card abodza. Kunja kwalembedwa 64 GB, kompyuta nayo ikuti 64 GB, koma mkati muli 8 GB. Mukadutsa malire enieniwo, zatsopano zimatayika kapena kugwera pamwamba pa zakale, ndipo tsiku lina mukailowetsanso imafuna format. Apa zobweza zimakhala zochepa, chifukwa zambiri sizinalembedwe n'komwe. Flashi yatsopano iliyonse iyeseni isanalandire kanthu kofunika, ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux. Imadzaza flashi yonse n'kuwerenganso, ndipo bodza limaonekera.

## Lero, disiki idakali bwino

Desktop iliyonse yosunga ntchito ya ndalama ikhale ndi UPS. Ya 650 VA siyendetsa shopu, imangokupatsani mphindi zochepa zotsekera mafayilo ndi kuzimitsa bwino, komanso imagwira kompyuta pa kamphindi kosinthira ku jenereta kapena inverter. Batire lake limafooka pakapita zaka zochepa, ndiye muziliyesa pozula pulagi kompyuta isali pa ntchito yofunika.

Sunganinso tebulo lenilenilo. Pa Linux, `sudo sfdisk -d /dev/sda > tebulo.txt` imatulutsa kafayilo kakang'ono kolemba poyambira, kutalika ndi mtundu wa partition iliyonse, kaya ndi MBR kapena GPT. Tsiku la vuto, `sudo sfdisk /dev/sda < tebulo.txt` imabweza zonse m'masekondi, bola mwatsimikiza ndi serial kuti ndi disiki yomweyo ndipo simunasinthe magawo chisungireni. Pa Windows tsegulani PowerShell mulembe `Get-Partition | Format-Table DiskNumber, PartitionNumber, Offset, Size`, mujambule zotulukazo ndi foni. Ndi Offset ndi Size, wokonza akhoza kulembanso tebulo pamanja popanda kusaka. Kafayiloko kapena chithunzicho chikhale mu imelo kapena pa foni, osati pa disiki imene chikufotokoza, ndipo mukasintha ma partition tengani chatsopano.